Ndinafunditsa Makina Oyezera Nyanja

Anthu amati mwana wofatsa savuta. Amene amanena zimenezi sanakwerepo boti ndi ine. Ndalimba mtima kuti ndilembe nkhaniyi chifukwa kwathu kuno pa Uliwa aliyense akuifotokoza mwa njira yake, moti ena afika ponena kuti ndinagwidwa ndi ng'ona. Sindinagwidwe ndi chilichonse. Ng'ona ikanakhala bwino, chifukwa wogwidwa ndi ng'ona anthu amamumvera chisoni.

Ababa anga kwawo ndi ku Mangochi, koma ine ndakulira kuno, kuseri kwa kauntala ya sitolo yathu. Kupatula sitoloyo, ali ndi boti la matabwa la injini lomwe limanyamula katundu wa amalonda kuchokera pagombe la ku Chilumba kupita kumidzi ya m'mbali mwa nyanja komwe galimoto sizifika. Chaka chatha botilo linagunda mwala wobisala m'madzi. Palibe amene anavulala, koma matumba a ufa, shuga ndi mchere ananyowa (mcherewo unangopita osatsanzika), ndipo kuyambira pamenepo amalonda anayamba kukweza katundu wawo m'maboti a anthu ena. Lathulo analikonza, analipaka penti watsopano, koma linkangogona pamchenga ngati ng'ombe yodwala. Ababa anayamba kunena zoligulitsa. Ankanena akuyang'ana kumbali, chifukwa sitolo amaikonda ndi mutu, koma botilo amalikonda ndi mtima.

Tsiku lina tikudya, ndinatsegula pakamwa kuti ndilankhule, chinthu chimene sindichita kawirikawiri. Ndinawauza zomwe tinaphunzira m'kalasi ya sayansi ku Fomu 3: kuti kuli makina omwe amatumiza kaphokoso pansi pa madzi, kaphokosoko kakagunda pansi n'kubwerera, makinawo amakuuza kuti pansi pali patali bwanji. Mwala ukayandikira, amalira.

"Ukunena zoona, mayi?" anafunsa Ababa. (Amanditchula mayi chifukwa anandipatsa dzina la amayi awo.)

"Aphunzitsi anatero."

"Aphunzitsiwo ali ndi boti?" anafunsa Amayi, osadzutsa mutu.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma Ababa anali atamva. Anatuma mnzawo wina yemwe amadutsa pa Songwe kukapikula katundu ku Tanzania, ndipo patapita nthawi kabokosi kanafika. Anagula chinthu chodula, chimene sanachionepo, chifukwa cha mawu anga. Ndinasangalala tsiku limodzi lokha.

M'kabokosimo munali zinthu ziwiri zolumikizidwa ndi waya wautali. China chinali kagalasi konga foni yaikulu, kosonyeza manambala. China chinali kanthu kakuda, kosalala, kakukula ngati sopo wosambira, komwe kamayenera kukhala m'madzi. A Mhango, omwe amayendetsa boti lathu, anakatembenuza m'manja mwawo n'kunena kuti, "Ngati ntchito yake n'kumvetsera, ndiye kuti aka n'kakhutu." Dzina linakhala lomwelo.

Ababa anakonza zoti tsiku loyesa makinawo aitane a NyaGondwe. Mayi ameneyu amagulitsa mpunga ndi usipa, ndipo kumene alowetsa matumba ake, amalonda ena onse amalondola komweko. Nkhani inali yachidule: a NyaGondwe akakhutira, boti lidzuka. Akapanda kukhutira, ligulitsidwa.

Tsopano ndiyenera kukuuzani za khalidwe la kwathu, kuti musandiweruze msanga. Kwathu chinthu chatsopano sitichisiya chosavala. Rimoti ya wailesi yakanema ikadali m'pulasitiki wake, ndipo pulasitikiyo akang'ambika timaikulunga ndi wina. Wailesi ili ndi kansalu kake. Mipando ili ndi nsalu zake, ndipo nsaluzo zili ndi tinsalu tinanso pamwamba. Njinga ya Ababa inayenda chaka chathunthu ili ndi mapepala a kufakitale. Ine ndinakula ndikudziwa kuti kukonda chinthu ndi kuchifunditsa.

Linali Lachisanu, nthawi ya tchuthi, nyanja ili phee. Boti tinaliimika mutu uli pamchenga, kumbuyo kuli m'madzi. Ntchito yanga inali kuwerenga kabuku ka malangizo, komwe kanali m'Chingerezi, n'kumamasulira. A Mhango anali m'madzi mpaka m'chiuno, sipanala ili kukamwa.

"Akuti kakhale pansi pang'ono kuposa mimba ya boti," ndinatero.

"Vichi?" anafunsa m'Chitumbuka, atachotsa sipanala kukamwa. "Kweza mawu, msungwana. Nyanja nayo ikuyowoya, sindikukumva."

"Kakhale pansi pang'ono kuposa mimba ya boti. Koma kutali ndi pulopela, chifukwa pulopela imachita thovu."

Anamangirira kakhutuko kunsonga kwa thabwa, thabwalo n'kulimanga kumbuyo kwa boti ndi bawuti imodzi yaikulu, kuti azitha kulitukula pofika pagombe. Kabukuko kanati nkhope ya kakhutu iyang'ane pansi molunjika, osapendekeka. A Mhango anagoneka botolo la madzi osadzaza pamwamba pa thabwa, n'kumaligogoda mpaka madziwo atakhala bwino. Waya tinamuyendetsa m'mbali mwa boti ndi timisomali topinda mpaka pampando wapakati, pomwe panali batire ndi kagalasi. Ntchito inali yokongola. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti mpaka pamenepa palibe amene anali atalakwitsa kanthu.

Dzuwa litafika pamutu, Ababa anapita kumzikiti ku mapemphero a Juma. A Mhango anati nawonso akupita kukapemphera, koma njira imene analowera ndi ya kwa mayi wophika mbalagha, nthochi zophikira limodzi ndi nyama.

"Uyang'anire, mayi," anatero Ababa pochoka. "Chisakandike."

Ndinakhala kumbuyo kwa boti, ndikuyang'anira monga anandiuzira. Timafunde tinkakankha boti pang'onopang'ono, ndipo nthawi iliyonse likatsika, kakhutu kaja kankatsala pang'ono kupsompsona timiyala ta pansi. Ndinatsegula kabuku. Tsamba loyamba lenileni linali ndi chenjezo loti nkhope ya kakhutu isakandike. Ndinayang'ananso m'madzi. Kanthu kakang'ono, kachilendo, kochokera kutali, kali kokhakokha m'madzi ozizira, kopanda ngakhale kansalu. Mtima unandipweteka.

M'kabokosi muja munali siponji yomwe anatchinjirizira makinawo paulendo. Ndinatukula thabwa, ndinapukuta kakhutu ndi nsonga ya mpango wanga, ndinakakulunga ndi siponjiyo mbali zonse. Kuti siponji isanyowe, ndinaveka jumbo yakuda pamwamba. Kuti jumbo isachoke, ndinatenga legeni yomwe a Mhango amamangira zigubu za petulo, n'kuzungulizazunguliza, mfundo pamwamba pa mfundo. Ine ndikamanga chinthu ndimamanga ndithu. Nditamaliza ndinakasisita (inde, ndinakasisita), n'kutsitsa thabwa m'madzi. Ndinamva ngati mwana wabwino kwambiri m'boma lonse la Karonga.

Anthu atabwerera, a Mhango anakunga bawuti ija ndi sipanala mpaka misempha inatuluka m'khosi, kuti thabwa lisagwedezeke paulendo. Anachita zimenezi ali m'boti, osasuzumira pansi. Jumbo yakuda m'madzi ndani angaione?

A NyaGondwe anafika ndi ambulera, anakwera boti ngati akukwera guwa, n'kukhala pampando wapakati moyang'anizana ndi kagalasi.

"Ndiye aka ndiko kakuona pansi pa nyanja, a Chemwene?" anatero a NyaGondwe, akuyang'ana Ababa. "Ine ndili ndi maso awiri, koma ulusi pasingano ukundikana."

"Muona nokha, mayi," anatero Ababa. "Mwana wanga ndiye katswiri wake."

A NyaGondwe anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kuzala za kumapazi. Ine ndinayang'ana zigubu za petulo.

Chigundireni mwala, Ababa salola munthu kukwera boti osavala jekete yoyandamitsa. Yanga inali ya munthu wamkulu, yofika m'maondo. Injini inalira, tinachoka pagombe, Ababa anati bismillah n'kudina batani.

Kagalasi kanayaka. Kanalemba kuti pansi pali pa theka la mita. Kenako kanayamba kulira: pii, pii, pii.

"Mwaona?" anatero Ababa mokondwa. "Pano m'posaya. Akutichenjeza."

Tinapita patsogolo. Madzi anasintha mtundu, anayamba kubiriwira. Theka la mita. Pii, pii. Tinapitirira, anthu a pagombe anasanduka tinyerere, madzi anada bii. Theka la mita. Pii, pii, pii.

A Mhango anazimitsa injini. Anatenga nsungwi yaitali yomwe amakankhira boti, anaimiza yonse, n'kumizanso mkono mpaka paphewa. Sinagunde kanthu.

"Theka la mita," anatero a NyaGondwe pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ndikhoza kutsika pano n'kuyenda wapansi mpaka kwathu, chitenje osanyowa. Nadi? Tsikani ndinu poyamba, a Chemwene, ine ndikugwirirani kofiya."

Ababa anaseka, koma kuseka kwa mano okha. A Mhango anachotsa mawaya pabatire, anawapala ndi mpeni, anawabwezera. Pii, pii. Anagogoda kagalasi ndi chala. Anakaphimba ndi chipewa poganiza kuti mwina katenthedwa ndi dzuwa. Anakalankhula m'Chitumbuka, kenako m'Chiswahili poti kanachokera ku Tanzania. Pii, pii.

"Mayi," anatero Ababa, "taona m'kabukumo. Pena pake alembapo za vuto ngati ili."

Ndinatsegula masamba akumapeto, omwe m'mawa sindinawafike. Ndinapapeza. Panalembedwa kuti makina akamasonyeza nambala imodzimodzi yaing'ono, muonetsetse kuti pankhope ya kakhutu palibe chophimba chilichonse kapena mpweya, chifukwa kaphokoso kake sikadutsa mumpweya.

Siponji. Kodi siponji n'chiyani ngati si mpweya wovala thupi? Ndipo ine ndinali nditautsekera mpweyawo m'jumbo kuti usathawe. Kakhutu kosaukako kankafuula m'bulangeti n'kumadzimva kokha.

"Akuti bwanji?" anafunsa Ababa.

"Akuti..." Ndinatembenuza tsamba. "Akuti nthawi zina... tidikire pang'ono."

Tinadikira. Mulungu andikhululukire, anthu akuluakulu atatu anakhala pakati pa nyanja, dzuwa lili phwee, kudikira bodza langa.

Ndinayesa, musaganize kuti sindinayese. Ndinakonza mawu m'mutu: Ababa, ndinakakulunga ndi siponji. Mawu ochepa, osavuta, mwana wa sitandade wani akhoza kuwanena.

"Ababa."

"Ee, mayi?"

Onse atatu anatembenuka nthawi imodzi. Maso a a NyaGondwe anali ngati nyali za lole.

"Kukutentha," ndinatero.

"Yewo chomene, katswiri," anatero a NyaGondwe. "Ichi chokha wayeza bwino." Anapinda ambulera yawo n'kuitambasulanso. "A Chemwene, ine si mwana. Mwala uja munaugunda muli ndi maso. Tsopano mukufuna muugunde muli ndi wailesi. Tiyeni tibwerere, mpunga wanga ukundidikira."

Ababa anavula kofiya, anapukuta thukuta, n'kusisita thabwa la mpando ndi chikhatho, monga munthu amasisitira mbuzi yomwe wagwirizana kale ndi wogula. Kenako anati, chapansipansi, "A Mhango, yesaninso batire kamodzi kokha. Zikakanika tibwerere."

Pamenepo ndinatsimikiza mtima. Boti la Ababa siligulitsidwa chifukwa cha siponji. Kunena sindingathe, chabwino, koma manja ndili nawo. Ndinamanga ndekha, ndimasula ndekha, ndipo palibe amene adzadziwe.

Onse atawerama pabatire, ndinasendera kumbuyo mwakachetechete (pa luso ili lokha ndiye ndine katswiri weniweni). Ndinayesa kutukula thabwa. Linakana, bawuti ija a Mhango anaikunga ngati ya mlatho. Ndinagona chafufumimba pafupi ndi injini n'kupisa mkono m'madzi. Nsonga za zala zinakhudza jumbo. Ndinasendera pang'ono. Ndinapeza mfundo yoyamba. Legeni ikanyowa imaterera ngati mlamba, ndipo munthu amene anamanga mfundozo analibe chifundo. Ndinasenderanso, mkono wachiwiri nawo m'madzi. Mfundo yoyamba inamasuka. Yachiwiri inali chapansi. Ndinasenderanso pang'ono pokha, mimba ili pamphepete, miyendo ili m'malere.

Sindinakuwe. Ichi ndi chimene anthu sakhulupirira. Ndinalowa m'nyanja ya Malawi ndi mutu, mwaulemu, opanda phokoso, ngati supuni yolowa m'phala.

Kusambira sindidziwa, ndinakulira kuseri kwa kauntala. Koma jekete ija inandibweza pamwamba, n'kukwera mpaka m'makutu, moti ndinkaoneka ngati kamba wosuzumira m'chigoba. Ndinamwa madzi okwanira kuphikira tiyi banja lonse. Ndinagwira thabwa ndi dzanja limodzi. Ndipo poti ndinali nditafika kale, ndinaona kuti ndi bwino ndimalize chimene ndinabwerera. Ndinakoka legeni, ndinang'amba jumbo ndi zikhadabo, siponji inatuluka n'kuyandama. Miyendo yanga, yomwe sinkadziwa chochita, inkapalasa yokha pansi pa boti.

Kulira kuja kunasiya.

"Yasintha!" Anali mawu a a Mhango. "Abwana, wonani! Mamita makumi atatu... ikuwerenga! Pansi pakuoneka!"

"Allahu akbar," anatero Ababa.

Ndinatseka maso. Ndinaganiza kuti tsopano ndingokwera mwakachetechete, ndikhale padzuwa, ndiume. (Maganizo a munthu amene ali m'madzi musamawadalire.)

"Dikirani," anatero a NyaGondwe. "Ichi n'chivichi? Chikugwedezeka ichi?"

"Somba!" anakuwa a Mhango. "Chinsomba, abwana, chili pansi pathu penipeni! Kukula kwake! Ameneyu ndi kampango, kampango wa makolo!"

Ndinasiya kupalasa.

"Chaima! Chatimva!"

Ndinamva mapazi akuthamangira kumbuyo, boti likupendama. Pamwamba panga panatulukira nsonga ya nsungwi, kenako chipewa, kenako nkhope ya a Mhango. Tinayang'anizana. Ndinaganiza kuti mwina ndi bwino kupereka moni.

"Mwatandala uli," ndinatero.

A Mhango anatembenuka.

"Abwana," anatero, "somba yanu yavala mpango."

Anandikoka ndi jekete, Ababa mbali iyi, a Mhango mbali iyo, n'kundigoneka m'boti ngati thumba la chinangwa chonyika. Ababa anandigwira nkhope, mapewa, n'kumangofunsa ngati ndikupuma, ngakhale ndinali ndikutsokomola mokweza kuposa mmene ndinalankhulirapo moyo wanga wonse. A NyaGondwe anatambasula ambulera yawo n'kukola chinthu chomwe chinkayandama pambali pa boti. Anachitukula m'mwamba, chikudontha: siponji, ndi chidutswa cha jumbo chikulendewera.

"Ichi nacho n'cha ku Tanzania?"

Panalibenso kothawira. Ndinanena zonse, maso ali pamapazi anga. Kuti timiyala. Kuti tsamba loyamba. Kuti ndinaopa kuti kakandika, ndiponso kuti kankaoneka ngati kakuzizidwa.

"Kakuzizidwa," anabwereza a NyaGondwe.

Anayamba ndi mapewa. Kenako thupi lonse. Anaseka mpaka boti linayamba kuvina, misozi ili mbwembwembwe, akumenya a Mhango pamsana ndi siponji yonyowa. "Wakafunditsa! A Chemwene, mwana wanu wafunditsa khutu kuti limve bwino! Ayi, ine ndabereka ana, koma wa chisungusungu chotere, womvera chisoni ndi makina omwe, sindinamuonepo!"

Atatha kuseka anavula chitenje chawo chapamwamba n'kundifunditsa nacho, n'kundifinyira mpango. Kenako nkhope yawo inabwerera ku malonda.

"Nambala yasintha, ndaona. Koma nambala si umboni. Tiyeni pamwala paja."

A Mhango analiza injini. Tinayenda pang'onopang'ono kulowera komwe boti linavulalira chaka chatha. Pamwamba madzi anali osalala, osalakwa, ngati sanaphwanyepo kanthu. Ababa anandiuza kuti ndiziwerenga manambala mokweza, ndipo mwina chifukwa manyazi anga onse anali atatsukidwa, ndinawerengadi mokweza, mano akugundana. Nambala inayamba kutsika. Mzere wa pansi pa kagalasi unayamba kukwera ngati chulu. Inatsikabe. Kenako pii, pii, pii, ndipo ulendo uno kulirako kunali koona. A Mhango anabweza injini, anamiza nsungwi. Go! Inagunda mwala.

A NyaGondwe analanda nsungwiyo n'kugogoda okha, kawiri, kuti amve ndi manja awo.

"Lolemba," anatero. "Mpunga ndi mchere. Ndiwauza anzanga. Koma mwana uyu mumumange pampando."

Ababa anangogwedeza mutu. Anavala kofiya yawo mokhota, ndipo palibe amene anawauza.

Vuto la a NyaGondwe ndi loti mawu awo amafika pagombe iwo asanafike. Tisanaponye n'komwe chingwe, anali atayamba kale kufotokozera amayi otsuka mbale, asodzi osoka maukonde, ndi wogulitsa mandasi. Ndinatsika m'boti nditakulungidwa m'chitenje cha eni, nsapato imodzi itatsala m'nyanja, madzi akuchucha, anthu akubwera kuchokera mbali zonse kudzaona kampango.

Ababa anayenda pambali panga kuti anditchinge, ngakhale ndi ochepa thupi moti sanatchinge zambiri. Titafika pamsewu anandifunsa mofatsa.

"Nanga bwanji sunangonena, mayi? Tikanatukula thabwa, basi."

"Ndinkachita manyazi, Ababa."

Anaima. Anayang'ana phazi langa lopanda nsapato, anayang'ana gulu la ana lomwe linkatilondola likuimba kuti pii, pii, pii, n'kundiyang'ananso ine.

"Nanga panopa?"

Boti likuyenda mpaka lero, lodzaza. Ine ndinaphunzirapo kuti manyazi ukawakana ali aang'ono, pamaso pa anthu atatu, amakakudikira pagombe atakula, ataitana ndi anzawo. Phunziroli ndinalimvetsa bwino kwambiri, ndipo ndikhoza kulifotokoza momveka kwa aliyense, bola asandiyang'ane.